Mpando Wakutsogolo ndi Makina Odziwa za M'thumba

Mantha amene agwira maiko olemera pa nkhani ya AI, kutanthauza nzeru zimene kompyuta imapatsidwa kuti iziphunzira makhalidwe a anthu ndi kuwapangira ziganizo, alowa ndi m'ndege momwe. M'chaka cha 2025 kampani ya Delta Air Lines ya ku America inalengeza kuti ikulitsa ntchito ya nzeruzi poika mitengo ya matikiti, ndipo aphungu ena anadandaula kuti makina ayamba kulipiritsa munthu molingana ndi kunenepa kwa thumba lake, zimene kampaniyo inakana.

Anthu a kwa Chowe, pa msewu wokhotakhota wokwera mapiri kuchokera ku boma la Mangochi kulowera ku Namwera ndi Chiponde, sangataye tulo ndi nkhani yotere, pakuti makina oterowo akhala nawo kuyambira kale, ndipo dzina lawo ndi kondakitala. Iyeyu safuna magetsi kapena intaneti. Amangoponya diso kamodzi pa nsapato, pa wotchi ndi pa chikwama chamateyala, n'kudziwiratu kuti uyu ndi mjoni, ndiye kuti munthu wobwerera kuchokera ku Johannesburg, ndipo pomwepo mawu akuti “Bwana, kutsogolo kuno!” amamveka, pamene mayi wa dengu la usipa amene anafika mbandakucha amauzidwa kuti asunthire kumbuyo n'kunyamula mwana wa eni pamiyendo.

Mpando wakutsogolowo ndiwo bizinesi kilasi ya minibasi, ngakhale kuti ulemerero wake ndi wokayikitsa, chifukwa pansi pake pali injini imene imawotcha matako galimoto ikamalimbana ndi chitunda, ndipo wokhala pakati amayenera kupinda bondo nthawi iliyonse imene dalaivala akusintha giya. Mtengo wake sulembedwa paliponse, koma umaonekera pa nthawi ya chenje, imene kondakitala amaiwala mwaulemu podziwa kuti munthu amene watchedwa bwana pamaso pa gulu sangakuwe chifukwa cha K500. Akafunsidwa, yankho limakhala lakuti mafuta akwera, ndipo yankholi lakhala likugwira ntchito mwakhama chigwetsereni Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kompyuta ikadzabwera kudzalanda ntchitoyi, idzayenera kuphunzira kaye kukhazika anthu anayi pa mpando wa atatu ndi kulumbira kuti malo alipo, ndipo pa luso limeneli kondakitala wa kwa Chowe akadali patsogolo kwambiri.