Ulemu upite kwa chitsa

Alipo anthu a ku Kasungu amene amadandaula kuti ziboliboli zotchuka zonse zili kutali. Cha Kamuzu, mwana wa konkuno, chili ku Lilongwe, komwe Bingu wa Mutharika anachivundukula mu 2009. Cha John Chilembwe atavala chipewa, ntchito ya Samson Kambalu, chinakaima ku Trafalgar Square ku London mu 2022. Odandaulawo sayang'ana pansi. Tsikani basi pa Chinkhoma, mulowe m'minda ya fodya, muone ziboliboli zathu: zitsa, mbwee, mpaka kumene maso alekezera.

Mmisiri wake ndi tenanti, chida chake nkhwangwa. Sanapite kusukulu ya zosemasema, koma taonani luso lake. Mombo anaudula chofika m'bondo, muwanga anausiya m'chiuno chifukwa unamukanika, tsanya analisema mopendama ngati munthu woledzera kachasu. Thunthu linapita kukapsereza fodya wa fuluu m'balani, nthambi zinakhala mapaso a chigafa cha bale, ndipo chotsalacho ndicho chikumbutso cha dziko.

Chitsa sichifuna komiti. Chiboliboli cha Mahatma Gandhi chinautsa mapokoso ku Blantyre mu 2018 mpaka khoti linaimitsa ntchito yomanga pa Ginnery Corner. Ndani anakatengapo chiletso kukhoti chifukwa cha chitsa? Palibe nduna yodzadula riboni, palibe alawansi, palibe amayi ovina dzuwa lili paliwombo. Mtengo ukangoti khuu, mwambo watha.

Nanga ulemu? Pa chiboliboli chamkuwa anthu amajambulitsa zithunzi akuseka, mbalame n'kumachitira chimbudzi pamutu. Chitsa sichilola chipongwe chotere. Pitani usiku pochokera kumowa osachipatsa moni, chikuchotsani chikhadabo cha chala chachikulu, mugwada, mwinanso kugona chafufumimba. Sichiona nkhope: kapitawo wa esiteti ndi mwana woweta mbuzi amagwa mofanana. Khasu likachigunda, mpini umathyoka. Thirakitala yeniyeniyo imachilambalala mwaulemu.

Ndiponso n'chakhama. Mvula ikagwa chimayamba kuphuka timasamba tofiirira, ngati chikufuna kubwerera paudindo. Apa mlimi amathamanga ndi chikwanje, poti chiboliboli chophuka chimachititsa mthunzi pa fodya, ndipo fodya wa mumthunzi sakoma pa okushoni.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti chuma chimenechi chilibe mlonda. Nkhuni zasowa, ndiye amayi ayamba kuzula zitsa kuti aphikire nsima, otentha makala nawo akukumba mpaka mizu. Akuluakulu oona zosunga mbiri yakale achitepo kanthu msanga. Asankhe chitsa chimodzi chonenepa cha muwanga m'mbali mwa msewu wa M1, achimangire mpanda, alembepo ntchito mlonda. Mitengo ya mpandawo tikadula m'nkhalango ya Chimaliro.