Mtengo wa Chikamwini cha Nkhuku Yokazinga

Franchise ndi mgwirizano wa malonda umene mwini dzina lotchuka amalola munthu wina kugulitsa chakudya pogwiritsa ntchito dzinalo, kaphikidwe kake, mtundu wa penti wapakhoma ngakhalenso kamwetulidwe ka antchito, malinga ngati munthu winayo walipira ndalama zolowera, wakonza malowo ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo wavomera kupereka gawo la zogulitsa zake mwezi ndi mwezi kufikira mgwirizano utatha. Nkhani ino ikusanthula mtengo woyambira malo odyera a mtundu umenewu, ndipo chitsanzo chake ndi mlembi wa danga lino mwiniwake, bambo wa msinkhu wapakati, kalaliki wa mu ofesi ina ku Limbe, wokhala m'nyumba ya lendi ku Bangwe, amene pofuna kusunga ulemu wa kafukufuku azitchulidwa kuti Wofufuzidwa. Iyeyu anasankhidwa chifukwa sanapemphe malipiro, komanso chifukwa ali ndi zonse zofunika pa bizinesi yaikulu, monga chidwi, kope la masamu ndi cholembera, kupatula mpamba wokha, umene ndi ndalama zoyambira malonda.

Chidwi chakecho chinayamba ndi mzere wa anthu umene umaoneka pa KFC mu Blantyre masiku a malipiro, umene iye anauphunzira mosamala ataima kunja kwa galasi, popeza kafukufuku wa m'kati amafuna ndalama. Atachulukitsa chiwerengero cha mitu ndi mtengo wa ntchafu ya nkhuku, anapeza kuti mwini malo otere sayenera kudziwa tsiku limene mwezi umatha, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kuyenda ndi manja kumbuyo.

Mbiri ya malonda amenewa imaonetsa kuti poyamba khomo linali lotsika. M'chaka cha 1952, Harland Sanders, nkhalamba ya ndevu zoyera imene nkhope yake ili pa chidebe chilichonse cha KFC, anagwirizana ndi Pete Harman wa ku Salt Lake City kuti aziphika nkhuku motsata zokometsera zake 11 zachinsinsi, ndipo malipiro ake anali masenti ochepa pa nkhuku iliyonse yogulitsidwa. Ray Kroc, amene anatsegula McDonald's yake yoyamba ku Des Plaines m'chigawo cha Illinois mu 1955, ankalandira madola 950 okha kwa munthu wofuna kulowa, kuphatikizapo 1.9 peresenti ya zogulitsa. Powerenga zimenezi, Wofufuzidwa anafika pa mfundo yakuti umphawi wake sunachokere ku ulesi monga amanenera akuchikazi, koma kuti anabadwa mochedwa ndiponso m'dziko lolakwika, zinthu ziwiri zimene mlandu wake uli pa makolo ake.

Masiku ano ndalama zolowera za McDonald's ku America ndi madola 45,000, zimene pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, umene unakhazikika m'chaka cha 2024, zikukwana K78,750,000. Tiyenera kumvetsa kuti ndalama imeneyi sigula mpando, supuni kapena mbatata imodzi, koma imangogula chilolezo chakuti munthu ayambe kuwononga ndalama zina. Zinazo ndi za makina okazingira, mafiriji oti munthu amalowamo choimirira, mipando, zikwangwani zowala usiku, makompyuta olandirira ndalama, katundu woyamba ndi malipiro a antchito a miyezi yoyambirira, ndipo zonse pamodzi zimapitirira madola 1 miliyoni, nthawi zambiri n'kufika 2 miliyoni kapena kuposa. Wotsegula malo atsopano amayenera kupereka 40 peresenti ya mtengowo pamanja, wogula malo akale 25 peresenti, ndipo kwa zaka zambiri kampaniyi inkafuna kuti wopempha akhale ndi madola osachepera 500,000 osakongola kwa munthu aliyense. Mawu akuti osakongola ndi amene anamugwetsa ulesi Wofufuzidwa, chifukwa pa zinthu zonse zimene zinali m'nyumba mwake tsiku limenelo, kuphatikizapo shuga wa m'kapu imene ankamwera tiyi, zosakongola zinali ana okha.

Lamulo la ku America, pansi pa bungwe la Federal Trade Commission, limakakamiza mwini dzina kupereka kwa wopempha chikalata chofotokoza zonse, cha magawo 23, masiku osachepera 14 asanasaine kapena kulipira kanthu, ndipo gawo lachisanu ndi chiwiri ndi limene limandandalika ndalama zoyambira. Chikalata chotere chimakhala cha masamba mazanamazana. Popeza malo osindikizira mapepala ku Limbe amalipiritsa tsamba lililonse palokha, Wofufuzidwa anasindikiza gawo lokhalo la ndalama, nalipinda kanayi, naliika m'thumba la malaya pamene ena amaika ndalama zenizeni, ndipo kwa nthawi ndithu ankalitulutsa mu minibasi mokweza pang'ono kuti wokhala naye pafupi aone chizindikiro cha dola.

Ndalama zoyambira zikatha, pamabwera gawo la mwini dzina, limene limawerengedwa pa zogulitsa zonse osati pa phindu, kusiyana kumene ophunzira ambiri amakuzindikira atasaina kale. McDonald's inakweza gawo limeneli kuchoka pa 4 kufika pa 5 peresenti kwa otsegula malo atsopano ku America kuyambira mu January 2024. Subway, kampani ina ya zakudya imene khomo lake limaoneka lotsika chifukwa ndalama zolowera ndi madola 15,000, yakhala ikutenga 8 peresenti, kuphatikizapo 4.5 peresenti ya zotsatsa malonda, kutanthauza kuti pa K1,000 iliyonse yolowa m'kabati, K125 imanyamuka mafuta, ufa, magetsi ndi antchito zisanalipiridwe, kaya mwezi umenewo wayenda bwino kapena ntchentche zokha ndi zimene zabwera kudzadya.

Apa ndi pamene nkhaniyi imafanana ndi chikamwini, mwambo umene mwamuna amakakhala kumudzi kwa mkazi wake, namanga nyumba ndi manja ake pa malo osakhala ake, nalima munda umene malire ake anaikidwa iye asanabwere, ndipo banja likatha amatuluka ndi bulangete ndi khasu, nyumba n'kutsala. Harry Sonneborn, amene ankayendetsa za chuma za Kroc, ndi amene anabweretsa nzeru yakuti kampani izikhala mwini malo ndi nyumba, wolowa azilipira lendi pamwamba pa zina zonse, ndipo mpaka lero lendi ndi gwero lalikulu la ndalama zimene McDonald's imalandira kwa ogwiritsa ntchito dzina lake. Mgwirizano umakhala wa zaka 20. M'zaka zimenezo mkamwini sangasinthe mchere, sangawonjezere nsima pa mndandanda wa zakudya ngakhale makasitomala atagwada, sangagule nkhuku kwa mlamu wake, ndipo oyendera ochokera ku likulu amafika nthawi iliyonse kudzayeza kutentha kwa mafuta ndi ukhondo wa kuchimbudzi. Asanapatsidwe makiyi amaphunzitsidwa kwa miyezi yambiri, ndipo kampaniyi ili ndi sukulu yakeyake yotchedwa Hamburger University, imene inakhazikitsidwa mu 1961. Gawo la chikamwini lokhali ndi limene Wofufuzidwa analimva popanda kubwereza kuwerenga, pakuti ali ndi nyumba ya njerwa zootcha kwawo kwa mkazi wake ku Chiradzulu, imene iye anaumba njerwa zake, nagula malata ake, koma akafikako amapempha chilolezo asanathyole papaya.

Ku Malawi kulibe McDonald's, ndipo maina amene amafika kuno amachokera kunja ndithu, monga KFC ya kampani ya ku America ya Yum! Brands, kapena Steers ndi Debonairs Pizza za Famous Brands ya ku South Africa. Wotsegula malo otere kuno amawonjezera ndalama zimene chikalata cha ku America sichizidziwa, monga jenereta ndi dizilo wake wa masiku amene magetsi apita kokayenda, thanki ya madzi, msonkho wolowetsera makina, ziphaso za khonsolo, ndiponso ntchito yosaka madola olipirira mwini dzina pamene iye akugulitsa m'makwacha. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, Wofufuzidwa anagona ali ndi ndalama zokwanira chogwirira chitseko cha malo ake odyera, nadzuka ali ndi zokwanira misomali yake yokha, ndipo anadandaula pamaso pa anzake monga munthu wa bizinesi amene chuma cha dziko chamupweteka.

Chiyembekezo chinabwerako pang'ono atamva za Chick-fil-A, kampani ya nkhuku ya ku Georgia, imene imalandira madola 10,000 okha n'kumanga yokha malo onse, ngakhale kuti pambuyo pake imatenga 15 peresenti ya zogulitsa ndi theka la phindu lotsala, ndipo wolowayo sakhala mwini chilichonse choti angagulitse kapena kusiyira ana. Kampaniyi sitsegula Lamulungu, mfundo imene Wofufuzidwa anaiyamikira kwambiri, poti kupuma ndi mbali ya bizinesi imene ali nayo luso. Koma mwa anthu zikwizikwi amene amapempha chaka chilichonse, osankhidwa sakwana mmodzi pa 100 alionse, ndipo K17,500,000 ndi yotsika mtengo kwa okhawo amene ali nayo.

Njira zopezera mpamba zimene zinayesedwa zinali ziwiri. Yoyamba inali katapila, ngongole ya kwa munthu wamba imene chiwongoladzanja chake chimakula msanga kuposa mwana wa mbuzi, ndipo mwini katapilayo atamva chiwerengero anaseka mpaka kutsokomola, nakumbutsa za ngongole ina yakale. Yachiwiri inali banki mkhonde, gulu la amayi osunga ndi kubwereketsana ndalama, limene msungichuma wake ndi mkazi wa Wofufuzidwa. Mayiyu anamvetsera dongosolo lonse uku akukanda ufa wa mandasi, nafunsa kuti mwini dzina amachita chiyani kwenikweni pamene winayo akutuluka thukuta, ndipo atauzidwa kuti amangopereka dzina, kaphikidwe ndi malamulo n'kumalandira gawo lake, anasiya kukanda, napukuta manja pachitenje, nati, "Abambo, bwerezaninso pamenepo pang'onopang'ono."

Zotsatira za kafukufukuyu n'zakuti Wofufuzidwa tsopano ali mu franchise. Mandasi a mayi a kunyumba ali ndi dzina m'dera lonse la kumsika, ndipo iye anapatsidwa chilolezo chowagulitsa ku ofesi kwake kokha. Ndalama zolowera zinali mtengo wa ndowa yapulasitiki yoonekera m'kati, ya chivindikiro chofiira, imene anagula ndi ndalama zake, pamodzi ndi foloko yotolera ndi nyuzipepala zakale zokulungira, zina mwa izo zokhala ndi danga lino. Maphunziro anachitikira kukhitchini ataimirira. Mandasi amawerengedwa m'mawa pamaso pa mboni, imene ndi mwana wamkazi wa Sitandade 6 wosadziwa chifundo, ndipo madzulo ndalama zonse zimaperekedwa kwa mwini dzina, amene amabweza gawo limene iye waona kuti n'loyenera. Kusintha mtengo n'koletsedwa, kulawa katundu n'koletsedwa, ndipo ngongole za anzake a mu ofesi, amene amadya pa 10 koloko n'kulonjeza za pakutha pa mwezi, zimadulidwa ku ndalama yake ya minibasi, chifukwa chake masiku ena amaoneka akukwera mtunda wa ku Bangwe wapansi, ndowa ili m'manja. Pempho lake loti aone chikalata cha magawo 23 linayankhidwa kuti anasaina kale kutchalitchi, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri.