A ndi B Anapita Kuti?

Malume anayang'anitsitsa laputopu ya mphwawo kwa kanthawi, kenako n'kufunsa: "Iwe, apa ndikuona C, apa D. Nanga A ndi B ali kuti?"

Mnyamatayo anafotokoza kuti zilembo ziwirizo zinali za ma floppy, timadisiki takale tija. Kompyuta ya IBM ya mu 1981 inkadalira timeneti, moti hard drive itabwera ndi PC XT mu 1983 inapeza malo awiri oyamba ali ndi eni ake, n'kungolandira C. Ma floppy anatha, koma C sanasunthe.

"Ndiye kuti A ndi B anatisiya?"

"Kalekale, malume."

Malume anavula chipewa. "Uthenga wa maliro sunatipeze."

*

DJ wina anakonza nyimbo zonse za ukwati pa hard drive yoyenda nayo, imene kompyuta yake inkaidziwa ngati E. Tsiku la ukwati, iye akulimbana ndi mawaya a zokuzira mawu, mlamu wake wa mkwati anazemba n'kulowetsa fulashi yake kuti akopereko tinyimbo. Windows siyang'ana nkhope. Wafika koyamba ndiye amatenga chilembo chopanda mwini. Fulashi inatenga E, hard drive pobwera n'kupatsidwa F.

Perekaniperekani anakwana. Woyendetsa mwambo anaitana akuchikazi kuti abwere movina, ndalama m'manja. DJ kudina mndandanda wa nyimbo, zii. Kudinanso, zii. Pulogalamu ikufunafuna nyimbo ku E, pomwe nyimbozo zili phee ku F. Thukuta lili kamukamu, anangotsegula E n'kudina choyambirira chimene anachiona.

M'holo monse munamveka kwaya ya pamaliro.

Azakhali a mkwatibwi anabweza ndalama m'kansalu. "Ndinanena ine za banja limeneli."

Mankhwala ake ngosavuta, a DJ inu. Lembani diskmgmt.msc, Disk Management itseguke, dinani hard drive yanuyo ndi batani lakumanja, musankhe Change Drive Letter and Paths, muipatse chilembo chakutali monga M. Fulashi za alamu sizifika kumeneko. Koma mndandanda wa nyimbo muukonzenso, chifukwa wakalewo uzingogogodabe pakhomo la E.

*

Bwana wa pa ofesi ina atamva kuti zilembozi zimasinthika, anaitanitsa mnyamata wa makompyuta.

"Ichi cha C ndachotsa. Uikepo B, wa Bwana."

"B alipo, bwana, tikhoza kuika pa disiki ina iliyonse. Koma C ndi pamene pakhala Windows. Ikana."

"Ikana? Ikudziwa kuti ndinaigula ndine?"

Mnyamata anayesa pamaso pawo. Windows inakanadi.

Bwana anapukusa mutu. "Uilembere kalata yochenjeza. Yoyamba."

*

Pa ofesi yomweyo, mnyamata uja analumikiza kompyuta ya mayi wolemba makalata ku seva. Madisiki a pa netiweki kawirikawiri amayambira kumapeto kwa zilembo 26 za alifabeti, kuti asalimbirane malo ndi mafulashi. Mayi aja anapatsidwa Z.

M'mawa mwake anali kale mu ofesi ya bwana, maso ali psuu.

"Bwana, ine ntchito pano ndinayamba mwanayu asanabadwe. Ngati ndalakwa mungondiuza. Fulashi ya mesenjala ili pa E, ine mpaka Z?"