Za Nkhungu ya Pagalasi ndi Eni Ake

M'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kumafika pachimake, galimoto zomwe zimalawirira kuchokera ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma kupita mumzinda wa Lilongwe zimanyamuka zili zakhungu, pakuti galasi lakutsogolo limakhala litanyowa kunja ndi mkati momwe. Chinyontho chimenechi n'chamitundu iwiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mwini wake, ngakhale kuti sipanapezeke munthu wovomera umwiniwo.

Chakunja ndi mame. Usiku wopanda mitambo galasi limazizira msanga kuposa mpweya wolizungulira, ndipo mpweyawo, womwe nthawi zonse umanyamula madzi osaoneka ndi maso, ukakhudza galasilo umatula madzi aja ngati timadontho. Kuzizira kukafika pa madigiri 0, timadonthoto timaundana n'kukhala chisanu, chomwe kuno chimaoneka mwa apo ndi apo, makamaka m'madambo. Mankhwala ake ndi apafupi, chifukwa n'kungogoneka galimoto pansi pa mtengo wa mango kapena m'chigafa, kapenanso kufunditsa galasi ndi katoni. Koma mlimi amene wagula galimoto atagulitsa fodya ku Kanengo sangaibise m'chigafa ngati mbava, popeza galimoto yosaonedwa ndi anansi ndi ndalama zotayika; choncho imagona pabwalo poyera, n'kudzuka itanyowa ngati galu.

Chamkati ndicho chili ndi nkhani, chifukwa chimachokera m'mphuno ndi m'kamwa mwa okwera. Munthu aliyense akamapuma amatulutsa nthunzi, ndipo minibasi ikadzaza anayianayi pampando, mazenera onse ali otseka, nthunziyo imasowa kopita kupatula pagalasi lozizira lija. Kutsegula zenera pang'ono kukhoza kuthetsa vutoli, koma zenera lili m'manja mwa wokhala pazenera, amene ulamuliro wake umaposa wa nyakwawa. Mayi wa khanda amachenjeza za chibayo, bambo wa tayi amateteza jekete lake ku fumbi, agogo akumbuyo amakumbutsa achimwene a kondakitala kuti analipira mpando osati mphepo, ndipo aliyense amaloza mnzake kuti ndiye akupuma mopyola muyeso. Chosadziwika kwa onsewo n'chakuti kulankhula kumatulutsa nthunzi yambiri kuposa kukhala chete, motero mkangano wofuna gwero la nkhungu ndiwo umaikulitsa.

Amene anapanga galimotozi ku Japan anaganizirapo kale, ndipo anaika batani lokhala ndi chithunzi cha galasi ndi timivi titatu tokhotakhota, lomwe limapemerera galasi ndi mpweya woumitsidwa ndi eyakoni. A dalaivala salikhudza batanili, mwina poopa kuti eyakoni imamwa mafuta, zomwe zili ndi kachoonadi kake, mwina chifukwa linafa kalekale galimotoyo isanazolowere n'komwe mabampu a ku Kabudula. Udindo wonse umagwera wokhala kutsogolo, yemwe anakankhana ndi anzake pasiteji kuti apeze mpando waulemuwo, osadziwa kuti akufunsira ntchito ya waipa. Amapatsidwa kansanza komwe a dalaivala amapukutira m'manja akayeza oilo, kapena chipewa cha kondakitala, n'kupukuta kabwalo kofanana ndi chikhatho, ndipo miyoyo ya anthu onse imadalira pa kabwalo kameneko. Mafuta a kansanzako amatsalira pagalasi, ndipo popeza msewu wa M12 wochokera ku Mchinji umaloza kum'mawa, dzuwa likangotuluka limamwazika pa mafutawo, a dalaivala n'kumayendetsa mutu uli kunja ngati fulu.

Palinso akatswiri amene amathira madzi otentha pagalasi lozizira, osadziwa kuti mbali yothiridwayo imafutukuka mwadzidzidzi pamene inayo idakali chikhalire, ndipo kachilema kakang'ono kosiyidwa ndi mwala kamasanduka mng'alu wautali. Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, n'chifukwa chake limang'aluka osagwa, ndipo luso limeneli, lomwe cholinga chake n'kupulumutsa nkhope za anthu pangozi, eni minibasi analimva ngati chilolezo choyenda ndi mng'aluwo zaka zambiri, atamatapo kachomata kotamanda timu ya mpira.

Podutsa pa Mpingu galasi limayamba kuuma lokha, ndipo pofika pa Chitedze mkangano umakhala utasamukira ku nkhani ya chenje.