Tanaka pa sikelo

Akuti masiku ano kutchuka kumayezedwa ngati chimanga pa sikelo: dzina lako lafufuzidwa kangati pa Google, ndi angati akukutsatira pa Instagram. Chabwino, tamukwezanipo Kenta Tanaka, katswiri wa hockey wa ku Japan. Mu 2018 timu yake inatenga golide pa Asian Games ku Jakarta, itagonjetsa Malaysia pa mapenate masewero atathera 6-6.

Tsono lembani "Tanaka" muone. Kwawoko dzinali lili ponseponse, makina akutulutsirani andale, oimba ndi madokotala, wathuyu osaoneka. Mukati mulembe dzina la timu, Samurai Japan, mwagogoda pakhomo pa eni: timu ya baseball imatchedwanso chimodzimodzi, ndipo kumeneko kuli Shohei Ohtani, amene akangoyetsemula intaneti yonse imathamanga kudzamuzonda.

Mwayi wa Tanaka unali Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, kwawo kwenikweni. Korona inatseka zipata, pabwalo la Oi panalibe ngakhale woimba mluzu wa chikondwerero. Ndiye wina abwere ndi kompyuta yake, nkhope ili gwa, kudzatiuza kuti wawerengera bwinobwino ndipo mkuluyu sakudziwika kwenikweni. Zikomo bwana, mwagwira ntchito.