Ndinanamizira msuweni wanga

Mu Januwale 2021 ndinkagulitsa kaunjika ku Limbe n'kumagona kwathu ku Nguludi. M'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi, anayianayi pampando, mazenera otseka chifukwa cha mvula, masiki ili phee m'thumba. Nditayamba kutsokomola, fungo la ndiwo osalimvanso, ndinati n'chimfine cha dzinja. Ndinafukiza masamba a bulugamu, n'kupitiriza kupisa m'mbale imodzi ndi amayi.

Sipanatenge nthawi amayi anayamba kubanika. Pa 12 Januwale, tsiku limene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi Covid-19, ife n'kuti tili kuchipatala, amayi akupumira okosijeni, milomo itauma gwa.

Kenako kunamveka kuti kachilombo kamene kavutaka ndi ka mtundu watsopano, wopezeka koyamba ku South Africa. Mtima wanga unathamangira kwa msuweni wanga amene anabwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi. Ndinamulalatira pabwalo, anthu akuona: "Asuweni, mwatibweretsera imfa pakhomo pano!" Sanayankhe. Anangotola chikwama chake.

Zoona zake ndinazimva mochedwa. Ku Blantyre, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome ankatenga timadzi ta m'mphuno mwa odwala a kuchipatala cha Queen Elizabeth, n'kuwerenga chibadwa cha kachilomboko, mndandanda wa zilembo pafupifupi 30,000. Kachilombo kakamaswana, zilembo zina zimasintha, ndipo ana ake amatengera kusinthako, moti umawadziwa kumene achokera monga timadziwira munthu ndi mfunda wake. Anapeza kuti mliri wa nyengo imeneyo unali wa Beta uja wa ku South Africa, wa pakati pa chaka unali wa Delta, wa mu Disembala n'kukhala wa Omicron.

Ndiye kuti Beta anali atafalikira kale mumzinda womwewo umene ine ndinkalowamo tsiku ndi tsiku, ndikupumirana ndi anthu pamsika ndi m'minibasi. Msuweni wanga sanatsokomoleko n'kamodzi komwe.

Amayi anachira, ngakhale mpaka lero akakwera chitunda amaima kaye kuti apume. Msuweni anabwerera ku Joni osatsanzika, ndipo foni yanga sayankha.

Asuweni, ngati nkhaniyi ingakupezeni kumene muliko, ndinakulakwirani pamaso pa abale. Amene ankatsokomola pakhomo paja ndinali ine. Ndikhululukireni.