Khoswe Walira, koma ndalama sinalire

Anthu otulukira zinthu m'dziko muno tilipo ambiri, ulemu wokha ndiwo umatizemba. William Kamkwamba wa ku Kasungu anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, lero dziko lonse likumudziwa, mpaka kanema anamujambulira. Enafe tikatola zitsulo kudzala, anthu amayamba kunong'onezana kuti mutu wayamba kusokonekera. Ndikuti "enafe" chifukwa inenso ndili m'gulu lomweli, ngakhale mayi a kunyumba akamva mawu amenewa amangotsokomola.

Changa ndi msampha wa makoswe. Musathamangire kuseka. Chaka chatha makoswe anatilowerera mochita kuonetsa mwano. Matumba a chimanga kuboola, sopo kudya, kabuku ka kusikelo ka mwana kutafuna. Zonsezi ndinapirira. Koma tsiku lomwe anaboola thumba la jekete yanga ya kutchalitchi, mmene ndinkasungamo kandalama kosadziwika kwa mayi, ndinati nkhondo yayamba. Ndinatenga kathabwa, sipoko ya njinga yopinda, sipuling'i ya ambulera yakutha, ndi belu la njinga ya alamu anga, lomwe ndinabwereka eni ake asakudziwa. Khoswe akakhudza mtedza wokazinga, sipoko imamugwera pakhosi, belu n'kulira kuti mwini nyumba adziwe kuti mdani wagwa. Dzina ndinaupatsa lomveka bwino: Khoswe Walira.

Choyamba kukodwa chinali chala changa. Chachiwiri chinali mwanapiye wa aneba, nkhani yomwe mpaka lero sinazizire bwinobwino. Koma usiku wina belu linalira, tinadzuka ndi tochi, ndipo khoswe weniweni, wonenepa ndi chimanga changa, anali gone pathabwa. Kutacha ndinaunyamula msamphawo kupita nawo pabawo. Ndinauonetsa kumsika, kuchigayo, ngakhale pamaliro ena ndinapeza kampata kofotokozera azibambo momwe sipuling'i imakokera. Mmisiri wina wowotcherera zitsulo anautembenuzatembenuza, n'kufunsa mafunso anzeru kwambiri. Ndinamuyankha onse, mtima uli mbee, poona kuti tsopano ndapeza munthu wondimvetsa. Mwezi usanathe, pakhomo pa shedi yake panali misampha ya belu itandandalikidwa, yopaka penti yofiira, yokongola kuposa wanga.

Apa m'pamene mwana wa achemwali anga, yemwe ali kuyunivesite, anandiuza za patenti. Akuti ndi chikalata chomwe boma limapereka kwa munthu amene watulukira chinthu, choletsa ena kuchipanga kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake, ndipo m'mayiko ambiri chimagwira ntchito zaka 20 kuchokera tsiku lomwe munthu wapereka pempho. Nditamva zaka 20 ndinayamba kuwerengera malata. Thomas Edison wa ku America anali ndi mapatenti 1,093 m'dziko lakwawo lokha. Ine ndinkangofuna imodzi yokha, yoti nayo ndikatseke pakamwa pa wowotcherera uja.

"Amalume," anatero mnyamatayo, "pali mayeso atatu. Oyamba, chinthucho chikhale chatsopano padziko lonse, osati m'mudzi mwanu mokha."

Ndinamuuza kuti chiyambire sindinaonepo msampha ngati wanga. Iye anandipempha ndalama ya bando, n'kulowa pa intaneti pomwe mapatenti akale amawerengedwa ulele. Posakhalitsa anandionetsa chithunzi. Kathabwa, sipuling'i, waya wopinda wogwera khoswe pakhosi. Ndinakuwa kuti andibera kale. Anandiuza ndiyang'ane chaka. Chinali 1894, mwini wake William Hooker wa ku Illinois. Munthuyu anandibera nzeru agogo a agogo anga asanaone ndi sipoko yomwe. Ndipo si yekha: ku America kokha mapatenti a misampha ya mbewa ndi makoswe anapitirira 4,000. Taganizani, anthu onsewo kusowa tulo ngati ine, ndipo khoswe akadali moyo, akudya sopo.

Chinandiwawa koposa n'chakuti patenti ya Hooker inatha kalekale. Nthawi ikatha, nzeruyo imakhala ya aliyense. Ndiye kuti pa thabwa, waya ndi sipuling'i, wowotcherera uja sanalakwire munthu, ndipo ine amene ndinkamutcha mbava ndinali kudya m'mbale yomweyo.

Ndinatsala ndi belu. Pa belu pokha ndinalimba mtima, ndipo mnyamatayo anavomera kuti munthu angathe kupempha patenti pa kachinthu kamene wawonjezera pa makina akale. Koma pali mayeso achiwiri: chowonjezeracho chisakhale choti mmisiri aliyense wodziwa ntchitoyo angachiganize mosavuta. Mayi a kunyumba, omwe ankasankha nyemba chapafupi, analowererapo.

"Pamenepo mwakhoza, bambo. Palibe munthu wanzeru zake angaganize zoika belu pamsampha. Likalira kamodzi, makoswe ena onse amathawa, ife n'kukhala maso mpaka kucha."

Ndinasankha kuwamva ngati akundiyamikira. Mayeso achitatu ndi akuti chinthucho chitheke kupangidwa ndi kugwira ntchito, osati maloto chabe. N'chifukwa chake maofesi a mapatenti amakana makina omwe eni ake amati aziyenda okha mpaka muyaya popanda mafuta, magetsi kapena mphepo. Apa ndinali ndi umboni wokwanira: chala chotupa, mwanapiye, ndi khoswe mmodzi.

Kenaka mnyamatayo anafunsa funso lomwe linandiumitsa kukhosi. "Mwaonetsako anthu angati?"

Ndinayamba kuwerenga a pabawo, koma nditafika pa a kuchigayo anandiletsa. Akuti chinthu ukachionetsa poyera usanapereke pempho, m'mayiko ambiri chimaleka kukhala chatsopano, ngakhale wochionetsayo uli mwini wake iwe. Malamulo ena amakhululuka ngati unachionetsa pachionetsero chovomerezeka ndi boma. Ndinafunsa ngati pabawo pathu pangawerengedwe, popeza amfumu amakhalapo pafupifupi tsiku lililonse. Anati ayi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndinaupeza utapakidwa penti yofiira.

Nkhani ya kufulumira njovuta m'ntchito imeneyi. Pa 14 February 1876, mapepala a Alexander Graham Bell ndi a Elisha Gray, onse okhudza lamya, anafika tsiku limodzi ku ofesi ya mapatenti ku Washington. Patenti inapita kwa Bell pa 7 March chaka chomwecho, ndipo lero mwana wa sukulu aliyense amamudziwa, pomwe Gray amatchulidwa ndi okonda mikangano yakale okha. Iwo ankalimbirana maola. Ine ndinachedwa ndi zaka zoposa 100, n'kuwonjezapo kulalika kumsika.

Komabe munthu akalawa fungo la chuma sabwerera msanga. Ndinati tilembe pempholo basi, zinazo zikaoneka konko. Pamafunika kufotokoza chipangizocho mwatsatanetsatane, kujambula zithunzi zokhala ndi manambala pa kachiwalo kalikonse, kulemba chidule, ndiponso gawo lofunika kuposa onse, lomwe umanenamo malire a chimene ukuti n'chako. Gawo limeneli lili ndi chilankhulo chakechake. Mfundo iliyonse imakhala chiganizo chimodzi, ngakhale chitatalika mpaka wowerenga kupuma movutika. Sungalembe kuti "khoswe akabwera chimamuphwanya". Umalemba kuti chipangizo chokhala ndi thabwa, chomwe pamwamba pa thabwa lotchulidwalo pali waya wopinda, womangiriridwa ku sipuling'i, yomwe ikamasuka imakankha waya wotchulidwayo, ndi zina zotero mpaka khoswe atafa ndi ukalamba.

Kulemba malirewa kuli ngati kulozerana malire a munda ndi mnansi waumbombo. Ukatambasula kwambiri walowa mwa eni. Poyamba ndinalemba kuti changa ndi chipangizo chilichonse chogwera kanyama kakakhudza nyambo. Mnyamatayo anati pamenepo ndatenga ndi diwa lomwe, limene makolo athu akhala akutchera mbewa kuyambira kale, ndipo wofufuza pempho adzalitaya asanamalize tiyi. Nditachepetsa n'kulemba kuti belu la njinga ndi sipuling'i ya ambulera, anati tsopano wowotcherera uja angochotsa belu n'kuikapo chitini cha miyala, basi watuluka m'malire anga, ndipo ndilibe naye mlandu. Ndiye chifukwa chake pali akatswiri olemba mapempho amenewa, ndipo salembera ulele.

Za chithunzi ndisanene zambiri. Ndinachijambula usiku wonse ndi bolopeni ya mwana. M'mawa mayi anachiyang'ana n'kufunsa ngati ndayamba kugawa munda wa kumudzi iwo asakudziwa.

Panalinso chinsinsi changa chenicheni, kapindidwe ka sipoko, komwe ngakhale wowotcherera sanakamvetse. Ndinati chimenecho tisalembe. Mnyamatayo anapukusa mutu. Patenti ndi msinthano: boma limakutetezera kwa zaka zowerengeka, iwe n'kuulula zonse momveka, moti mmisiri wina atawerenga angathe kupanga chinthucho osakufunsa. M'mayiko ambiri pempho limasindikizidwa poyera pakatha miyezi 18, kaya patentiyo udzaipeza kapena ayi. Ofuna kubisa sapempha n'komwe. Kampani ya Coca-Cola kasakanizidwe ka chakumwa chake sinakatengere patenti, inangotseka pakamwa, luso lomwe ine Mulungu sanandipatse.

Tsono ndalama. Kupereka pempho umalipira. Kuti alifufuze umalipira. Katswiri uja umamulipira. Ukaipeza patentiyo, m'mayiko ambiri umalipirabe chaka ndi chaka kuti isafe, msampha ukugulidwa kapena ayi. Ndipo imagwira ntchito m'dziko lomwe waitengera lokha. Munthu wa ku Chipata kapena ku Tete angapange Khoswe Walira mmene angafunire ngati kwawoko sunalembetse. Kuti munthu asayende dziko ndi dziko, kuli bungwe la ARIPO, lomwe linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka mu 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Malawi ndi membala, ndipo pansi pa pangano la ku Harare la 1982 munthu amapereka pempho limodzi n'kusankha mayiko omwe akufuna chitetezo. Wofuna kufika kutali amadzera ku bungwe la WIPO ku Geneva. Ine nditaphatikiza chuma changa chonse, kuphatikizapo nkhuku zomwe tili nazo ngongole kwa aneba, ndinapeza kuti ndingadziteteze kuchokera pakhonde kufika pachitsime.

Ndinkaganizanso kuti ukakhala ndi chikalatacho, apolisi amapita okha kukagwira okubera. Ayi ndithu. Mwini patenti ndiye amayang'anira yekha msika, n'kukasuma yekha kukhoti, ndi loya womulipira yekha. Ndinayerekeza kugulitsa njinga, wailesi ndi mbuzi kuti ndisumire munthu yemwe chuma chake ndi makina owotcherera obwereka ndi magalasi akuda osweka mbali imodzi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa mkhatewo unali wanga.

Chomwe chimanditonthoza n'chakuti ngakhale akuluakulu a mbiri anagwa m'mbuna yomweyi. Filippo Brunelleschi wa ku Florence, yemwe ambiri amati ndi mmodzi mwa oyamba kulandira patenti mu 1421, anaitengera ngalawa yonyamula miyala yomangira tchalitchi pamtsinje wa Arno. Ngalawayo inamira ndi miyala yomwe. Abraham Lincoln, asanakhale mtsogoleri wa America, analandira patenti mu 1849 ya chipangizo chonyamulira ngalawa zikatitimira pamchenga, ndipo palibe anachipanga kuti chigwire ntchito. Koma ngwazi yanga ndi John Keogh, loya wa ku Australia, yemwe mu 2001 analembetsa gudumu, inde gudumu lomweli la ngolo, pofuna kuonetsa kuti njira yatsopano yolembetsera kumeneko inkavomereza mapempho osawafufuza. Ndikanakhala ku Australia chaka chimenecho, bwenzi pano ndili mwini wa mpini wa khasu.

Ndimaganiziranso anthu omwe ntchito yawo ndi kuwerenga mapempho athuwa. Albert Einstein anagwirapo ntchito imeneyi ku Bern, dziko la Switzerland, kuyambira 1902 mpaka 1909, ndipo m'zaka zomwezo ndimo anatulukira nzeru zomwe zinagwedeza dziko. Ine sindidabwa. Munthu ukamawerenga za misampha ya anthu ngati ine tsiku ndi tsiku, mutu umafuna pothawira, ngakhale kukhale ku nyenyezi.

Pempho langa lili m'chikwama pansi pa bedi, ndipo ngodya imodzi yadyedwa kale ndi omwe linkawanena. Alamu anga anabwera kudzatenga belu lawo, mawu omwe ananena sangalembedwe m'nyuzipepala. Wowotcherera uja analeka misampha, akuti ogula ankadandaula za tulo, pano akupanga mbaula. Mayi agamula kuti nkhani ya makoswe ichoke m'manja mwa akatswiri. Choncho owerenga amene muli ndi kamwana ka mphaka kogulitsa, makamaka kochokera kubanja lodziwa ntchito, tumizani uthenga kudzera kwa akonzi. Mtengo ukhale wachibale.